CellEvent Caspase-3/7 Green: mmene yandigwirira ntchito mu labu kuno ku Harare

Anzanga amene mumaweta maselo mu labu, vuto la kutsuka mukulidziwa. Selo ikayamba kufa imakwinyika n'kumatuka pansi pa mbale, ndiye mukatsuka, maselo omwe mumafuna kuwerenga aja amapita ndi madzi. Ichi n'chimene chandikondetsa CellEvent Caspase-3/7 Green, mankhwala oonetsa maselo amene akufa, ya kampani ya Thermo Fisher. Mumangoithira mu medium (madzi a chakudya amene maselo amakuliramo), kuika mu incubator pa 37 °C kwa mphindi 30, basi kupita pa maikulosikopu osatsuka.

M'kati mwake muli peptide (kachidutswa ka puloteni) yaifupi ya ma amino acid anayi, yotchedwa DEVD, yomangiriridwa ku utoto wogwira DNA. DEVD ikadalipo, utotowo suwala. Caspase-3 kapena caspase-7 (ma enzyme amene amadzuka selo ikayamba kudzipha yokha) ikadzuka n'kuidula, utoto umamasuka, kukakakamira DNA, nucleus n'kuwala mobiriwira. Fyuluta ya FITC, yoonera kuwala kobiriwira pa maikulosikopu, imene tinali nayo kale yakwanira. Maselo a khansa otchedwa HeLa amene ndinawathira staurosporine, mankhwala opha maselo, ankangoti phethiphethi ngati ziphaniphani, pamene mbale yosathiridwa inali bii. Mtsikana wina amene ndikumuphunzitsa ntchito, wa ku Mbare koma agogo ake ndi a ku Dedza, anaona yekha kusiyanako ndisanamuuze kuti mbale iyi ndi iti.

Koma dziwani chimene mukuona. Kuwalako kumakuuzani selo imene ikufa, osati malo enieni pamene enzyme inadulira, chifukwa utoto umasamukira mu nucleus. Apa m'pamene ndimasirira ma probe (mankhwala ounikira zochitika m'selo) odzimanga okha. Mu 2014 gulu la Jianghong Rao ku Stanford linaonetsa probe imene, caspase-3 ikaidula, imadzipinda n'kuunjikana kukhala timibulu ting'onoting'ono m'selo momwemo, ndipo anaiyesa pa zotupa za khansa m'mbewa zamoyo. Zimenezo zimafuna katswiri wa chemistry amene labu yathu ilibe. Pa funso langa la tsiku ndi tsiku, loti kodi mankhwala awa akupha maselo kapena ayi, CellEvent ikundiyankha bwinobwino.

Mtengo ndi wa madola a ku America, ndipo si wochepa. Imasungidwa pa -20 °C, kutali ndi kuwala. Ndi kuthimathima kwa magetsi kwa kunoku, igaweni m'timachubu tating'ono tsiku lomwe yafika, tikutidwe ndi foil, ndipo muike mu firiji yolumikizidwa ku jenereta.