Wolfram Alpha: mnzake wa mphunzitsi wa masamu

Ndimaphunzitsa masamu kusekondale, ndipo ndikamakonzekera phunziro la ma prime factor (ma prime number amene mukawachulukitsa amapanga nambala inayake) ndimadalira pulogalamu yowerengera masamu yotchedwa Wolfram Alpha. Imapezeka pa intaneti, ndipo kampani ya Stephen Wolfram inayiyambitsa mu 2009. Siikulozerani kwina ngati mmene imachitira Google. Mukalemba nambala m'kabokosi, imakuyalirani zonse za nambalayo pomwepo.

Tayesani 720720. Ikuphwanyirani kuti ndi 2⁴ × 3² × 5 × 7 × 11 × 13, ndipo nambala zoigawa popanda chotsala zilipo 240. Kuti mupeze zonsezo pabolodi, choko chingakuthereni belu lisanalire.

Koma imene inandikopa ndi 4294967297. Pierre de Fermat, katswiri wa ku France, ankakhulupirira kuti mndandanda woyamba ndi 3, 5, 17, 257 ndi 65537 (kuti mupeze nambala yotsatira, chotsani 1, chulukitsani chotsalacho ndi icho chomwe, kenako wonjezerani 1) uli ndi ma prime number okhaokha, kutanthauza nambala zimene zimagawika ndi 1 komanso izo zokha basi. Zisanu zoyambazi n'zoona. Yachisanu ndi chimodzi ndi 4294967297 ija, ndipo mu 1732 katswiri wina wa masamu, Leonhard Euler, anaonetsa kuti imagawika ndi 641. Euleryo analibe kompyuta, anali ndi cholembera ndi mutu wake. Wolfram Alpha imatulutsa 641 × 6700417 musanachotse n'komwe chala pafoni. Ana anga a Fomu 3 atamva kuti ngakhale Fermat anaphonya, maso anayera, ena mpaka anayamba kuchulukitsa m'makope kuti atsimikize okha. Kalasi imene imawodzera masana inadzuka tsiku limenelo.

Ina yosangalatsa ndi 33550336. Mukaphatikiza nambala zonse zoigawa, kusiyapo iyo yomwe, mubwerera pa 33550336 pomwepo, monga 6 alili 1 + 2 + 3. Pa nambala zamtunduwu iyi ndi yachisanu, pambuyo pa 6, 28, 496 ndi 8128.

Pali zofunika kuzidziwa musanaithamangire. Funso simungalilembe m'Chichewa, lilembeni m'Chingerezi, ngakhale kuti nambala yokha imakwanira. Popanda bando ya intaneti palibe chimene mungachite. Komanso yaulere imakupatsani yankho, koma kuti muone njira yonse yofikira payankholo, muyenera kugwiritsa ntchito yolipira yotchedwa Pro. Ineyo sindinaone chifukwa cholipirira, njirayo ndi imene ndimalandirira malipiro kusukulu.

Apa ndi pamene ndimachenjeza makolo. Mwana wa Fomu 1 akaizolowera, homuweki ya HCF (nambala yaikulu kwambiri yogawa nambala zingapo popanda chotsala) ndi LCM (nambala yaing'ono kwambiri yogawika ndi nambala zingapo) azikhoza yonse, koma pamayeso, pamene foni saloleza, dzanja lidzauma. Ine ndimawauza ayambe agawa okha ndi 2, 3, 5, 7 mpaka atope, kenako ndimatsegula foni yanga kuti tione ngati akhoza. Aphunzitsi anzanga, yaulereyo ikukwanirani.