Nyenyezi ziwiri: fayilo ndi yomweyo, koma pa Windows mabowo anasuntha

Ndaipatsa nyenyezi ziwiri pulogalamu yojambulira mabolodi a zamagetsiyi, ndipo yachiwiriyo ndaipereka chifukwa cha munthu mmodzi wa ku kampani kwawo amene ndimutchule kutsogoloku. Ndalama zomwe timalipira chaka ndi chaka si zochepa. Ine ndinalolera kulipira chifukwa cha lonjezo limodzi lomwe amatsatsira malonda awo, loti pulogalamuyi imagwira ntchito mofanana pa Windows, macOS ndi Linux. Timagwira ntchito anthu awiri. Ine ndimajambula mabolodi pa Linux, mnzanga ali pa Windows, ndipo ndi iyeyo amene amatulutsa mafayilo a Gerber, omwe fakitale imatsata popanga bolodi, n'kuwatumiza kumeneko.

Kutseguka imatseguka ndithu pa makompyuta onse. Chomwe chandipweteka n'choti zomwe ndikuona ine sizomwe akuona mnzanga, ndipo pulogalamu imangokhala chete.

Bolodi yake sinali yovuta. Inali ya kopa mbali ziwiri, yokhuthala 1.6 mm, yokhala ndi microcontroller (katchipi koyendetsa zonse), masensa angapo ndi cholumikizira cha miyendo 6 m'mphepete. Cholumikizira chimenechi ndi chija chodziwika, choti kuchokera pa mwendo umodzi kufika pa wina pali 2.54 mm. Footprint yake, kutanthauza chithunzi cha malo ndi mabowo omwe kachipangizo kamakhalapo pa bolodi, ndinaitenga mu layibulale yawo yomwe imabwera ndi pulogalamu, sindinaijambule ndekha. Ndinalumikiza mizere yonse, DRC, yomwe imafufuza zolakwika pa bolodi, inadutsa popanda cholakwa, ndinamupatsira mnzanga foda yonse. Iye anatsegula, anayendetsanso DRC, inadutsanso, natumiza.

Mabolodi atafika ankaoneka bwino kwambiri. Ndinayamba kuwotcherera tizipangizo ting'onoting'ono, zonse zikukhala m'malo mwake. Nditatenga cholumikizira chija, mwendo woyamba unalowa, wachiwiri unakana pang'ono, wachitatu unali utaphonyeratu bowo, ndipo wachisanu ndi chimodzi unkalendewera pamalo pomwe palibe bowo n'komwe. Ndinatenga choyezera. Kuchokera pa bowo loyamba kufika pa lomaliza panayenera kukhala 12.7 mm, koma panali 10 mm. Mabowo anali atatalikirana 2.0 mm. Mpata uliwonse unaperewera ndi 0.54 mm, ndipo pofika kumapeto inali 2.7 mm yathunthu. Pamenepo palibe kupinda miyendo kapena kukulitsa bowo komwe kungathandize. Bolodi iliyonse m'katoni ija inali choncho.

Ndinatsegula fayilo pa kompyuta yanga, mabowo ali pa 2.54 mm. Mnzanga anatsegula yomweyo pa yake, ali pa 2.0 mm. Tinaika malaputopu pambali ndi pambali n'kumayang'ana fayilo imodzi ikuonetsa mabolodi awiri osiyana. Tinatsala pang'ono kukangana, aliyense akuganiza kuti mnzake wakhudza china chake.

Gwero lake ndi ili, ndipo ndikulemba mwatsatanetsatane kuti lisagwerenso wina. Pulogalamuyi siisunga chithunzi cha footprint mkati mwa fayilo ya bolodi. Imangosunga dzina, ndiye nthawi iliyonse mukatsegula imapita kukafunafuna dzinalo mu layibulale ya pa kompyuta imene mwatsegulirapo. Mu layibulale yawo ya pa Linux muli mafayilo awiri omwe mayina ake amasiyana pa chilembo chimodzi chokha, china chachikulu china chaching'ono. Wina ndi wa 2.54 mm, wina ndi wa 2.0 mm. Kwa Linux amenewa ndi mafayilo awiri. Windows siisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono m'mayina a mafayilo, ndipo Mac nayonso momwe imabwerera siisiyanitsa, choncho awiriwa sangakhale mufoda imodzi. Pa Windows panatsala mmodzi, wa 2.0 mm uja. Pulogalamu inamupeza, inati dzina lafanana, n'kumuika. Mizere ya kopa inaikokera yokha ku mabowo atsopanowo, n'chifukwa chake DRC sinadandaule. Ikanangotulutsa uthenga umodzi woti footprint iyi yasiyana ndi yomwe inalipo, bwenzi nkhani yonseyi kulibe.

Kusiyana kumeneku kwa Windows ndi Linux si kwachilendo. Aliyense wolemba pulogalamu yoti izigwira pa makompyuta osiyanasiyana amakudziwa. Ndiye kampani yomwe ikulandira ndalama chifukwa cha lonjezo lomwelo inalephera bwanji kuyang'ana mayina a mu layibulale yake yomwe?

Koma chomwe chinandikwiyitsa koposa mabolodi otayika ndi munthu woyamba amene anandiyankha ku gawo lawo lothandiza makasitomala. Ndinamutumizira zithunzi za pa makompyuta onse awiri, mayina a mafayilo awiri aja, ndi chithunzi cha choyezera chili pa bolodi. Yankho lake linali loti ndichotse pulogalamu n'kuikanso. Ndinamufotokozeranso mwaulemu. Anandifunsa ngati ndayesa kuzimitsa kompyuta. Pomaliza anandiuza kuti amalangiza makasitomala onse a mu gulu limodzi azigwiritsa ntchito Windows, ndipo anatseka dandaulo langa n'kulemba kuti latheka. Abale, ngati malangizo ake ndi amenewo, alembeni poyera pomwe munthu amalipirira. Altium Designer, pulogalamu ina ya ntchito yomweyi, imagwira pa Windows pokha ndipo eni ake amanena choncho, munthu amagula akudziwa. Zimenezo ndimazilemekeza. Koma kundigulitsa chinthu ndi lonjezo la makompyuta atatu, kenako kundiuza kuti vuto ndi langa posankha imodzi mwa atatuwo, ndi chipongwe.

Pali tina ting'onoting'ono tomwe tikanandidandaulitsa pakanapanda chachikulu chija. Zithunzi za 3D za tizipangizo zimasowa fayilo ikachoka pa Windows kubwera kwa ine, chifukwa imasunga njira yonse kuyambira pa C:, pomwe Linux ilibe zilembo za madiraivi zoterezo. Zolemba zoyera za pamwamba pa bolodi zimasintha kukula ngati font yomwe munasankha kulibe pa kompyuta inayo, moti dzina la resistor limakwera pa pad, malo owotchererapo. Pa Mac ya mnzathu wina, ya tchipi cha M1, imayenda kudzera pa Rosetta 2, yoyendetsera mapulogalamu opangidwira ma Mac akale, ndipo imadodoma mukamayendetsa bolodi yayikulu.

Tsopano chilungamo. Nditatsegulanso dandaulo lija linagwera kwa mayi wina amene zikuoneka kuti amajambula mabolodi iwonso. Sanandifunse za kuzimitsa kompyuta. Anaona mayina awiri aja, anavomera kuti cholakwa ndi cha layibulale yawo, anapepesa, ndipo anandionetsa batani lobisika mkati mwa zosankha lomwe limakopera ma footprint onse kulowa mufoda ya projekiti. Titalitcha, bolodi inaoneka chimodzimodzi pa makompyuta onse awiri. Anati akadziwitsa olemba pulogalamu. Za ndalama za mabolodi otayika sanathe kuchitapo kanthu, ndipo sanandinamize kuti achitapo. Amenewo ndi a nyenyezi yachiwiri ija.

Ndinenenso kuti pa ntchito yeniyeni yojambula, pulogalamuyi ndi yokoma m'manja. Mukamakoka mzere wa kopa imakankha ina yoyandikana nayo mwaudongo osaphwanya mipata yomwe munaika, ndipo kufananitsa kutalika kwa mizere iwiri ya USB imachita mosavutitsa. Mukakhala nokha pa kompyuta imodzi mwina simudzaona chilichonse mwa zomwe ndalembazi, ndipo mudzadabwa kuti bamboyu akulusiranji. N'chifukwa chake mtima wanga wagawanika. Ndazolowera mabatani ake ndipo sindikufuna kuyambanso kuphunzira.

Komabe batani lija linayenera kukhala lotcheratu. KiCad, pulogalamu inanso yojambulira mabolodi, yomwe ndi yaulere ndipo inayambitsidwa ndi Jean-Pierre Charras mu 1992, imasunga footprint iliyonse mkati mwa fayilo ya bolodi, ndipo kuyambira pa 6.0 ya mu December 2021 imasunganso zizindikiro za tizipangizo mkati mwa fayilo ya schematic, chithunzi choonetsa momwe tizipangizoto talumikizirana. Bolodi imapita ndi katundu wake yense. Ngati pulogalamu yosalipira ikutha kuchita zimenezi, ya ndalama zambiri chonchi ilibe chowiringula.

Kwa anzanga omwe mwagula kale ndipo mumapatsirana mafayilo pakati pa makompyuta osiyana: tchani batani lija musanajambule mzere woyamba. Mafayilo a Gerber ndi a mabowo a Excellon muziwatulutsira pa kompyuta yomwe bolodi inajambulidwira, kenako muziwatsegula ndi pulogalamu ina yosagwirizana ndi iyi, monga gerbv yoonera mafayilo otere, chifukwa zomwe fakitale imatsata ndi mafayilo amenewo. Ine tsopano ndimasindikiza mbali ya mabowo pa pepala pa mulingo wa 1:1, n'kutenga cholumikizira chenicheni n'kuboola nacho pepalalo. Mwendo ukaphonya ndimauona pomwepo.

Pulogalamuyi yasinthidwapo kuchokera nthawi ija. Ndayang'ana mu layibulale ya pa Linux, mafayilo awiri aja akadalimo ndi mayina omwewo. Laisensi yanga ikamatha ndidzayang'ananso, ndipo akadzakhala alimobe ndidzasamutsira ntchito zathu ku KiCad.