Miyezi 8 ndi extension yochotsa zomatirira pa sikirini

Anzanga amene timaphunzitsa limodzi anandifunsa dzulo pa nthawi ya buleki kuti, "Aphunzitsi, kanthu kaja munaikitsa pa laputopu kakugwirabe? Nanenso ndikukafuna." Ndinangoti eya, koma nditafika kunyumba mtima sunakhazikike, chifukwa zimene zinandionekera mu June ayenera kuzidziwa asanatulutse ndalama.

Laputopu yanga ndi ya kaunjika, sikirini yake yaing'ono, ya 1366 ndi 768. Ndikatsegula tsamba la nkhani, pamwamba pamakhala menu yosachoka ngakhale utsike bwanji, pansi uthenga wa ma cookies, pakona kavidiyo kokulondola. Powerenga pankatsala ngati chikhatho. Mnyamata wina wokonza mafoni pa Chitakale ku Mulanje ndiye anandiikira extension imeneyi mwezi wa November; ndi kapulogalamu kakang'ono kowonjezera mu Firefox, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti. Imafufuza chilichonse chimene wopanga tsamba anachikhomera pamalo amodzi ndi lamulo la position fixed kapena sticky, n'kuchichotsa. Pamenepa sindingainamizire. Menu imachoka, kavidiyo kamachoka, maso amapuma. Pa foni ikugwiranso, poti Firefox ya Android imalola ma extension pamene Chrome ya pa foni siilola.

Vuto lake n'lakuti siisiyanitsa chosokoneza ndi chofunika. Ikaona chomatirira imangosesa.

Mu June ndinkadzaza fomu yofunsira malo pa sukulu ina ya ukachenjede, maphunziro ophunzirira kunyumba, ndipo linali tsiku lotsekera. Kuno ku Likhubula chiperoni chinali chitagwira kuyambira m'mawa, phiri osaoneka n'komwe. Ndinalemba zonse, ndinaika satifiketi ya MSCE ndi chithunzi, koma nditafika kumapeto batani lotumizira panalibe. Ndinatsegulanso tsambalo, zonse ndinalemba zija zinafufutika. Ndinayambiranso, chimodzimodzi. Kachitatu bandulo inatha. Ife kuno chinthu chikakanika pa intaneti timathamangira kunena netiweki, makamaka kukachita mitambo, ndiye ndinagula bandulo ina pa Mpamba n'kukakhala pakhonde pomwe foni imagwira bwino. Batani osabwera. Cha m'ma 2 koloko ndinakulunga laputopu m'jumbo, ndinakwera kabaza wa njinga yamoto mpaka pa Chitakale, ndikunjenjemera ndi kuzizira komanso mantha oti chaka chonse chindipita.

Mnyamata uja anatsegula tsamba lomwelo pa foni yake, batani lili pompo, lomatirira pansi pa sikirini. Anazimitsa extension pa laputopu yanga, batani linatulukira. Fomu inapita nthawi isanathe, koma manja anali akunjenjemerabe.

Palinso kena kamene kamandivutabe mpaka lero. Masamba ena amatulutsa bokosi lokupempha imelo n'kutseka tsamba kuti lisayende. Extension imachotsa bokosilo koma loko uja amatsala, ndiye tsamba limaoneka loyera bwinobwino koma silitsika. Umayenera kuizimitsa n'kutsegulanso.

Tsopano za ndalama, poti ndi pamene panandiwawa kwambiri. Poika anandilipiritsa K5,000, ndipo anandiuza kuti bandulo izikhalitsa. Sizoona. Zinthuzo zimayamba zatsika kaye pa intaneti, extension n'kuzichotsa pambuyo, kotero data imakhala itadyedwa kale. Ndinadzazindikiranso kuti extension yomweyi imapezeka yaulere pa tsamba la Firefox lotengerapo ma extension. Tsiku la chiperoni lija, nditawerengera bandulo ziwiri ndi kabaza wopita ndi kubwera, ndinamuuza maso ndi maso kuti anandigulitsa lonjezo labodza, ndipo ndinatsala pang'ono kumuuza kuti aichotseretu.

Koma mnyamatayo sanakane mlandu. Anati, "Pepani aphunzitsi, za bandulo nanenso ndinangomva kwa ena, ndipo za mafomu ndinayenera kukuchenjezani." Anakhala nane pafupifupi ola lathunthu, makasitomala ena akudikira, akundionetsa poika masamba amene extension isamawakhudze. Tinaikamo tsamba la sukulu lija ndi la banki. Sanandilipiritse kanthu, ndipo chaja changa chimene chinkazimazima anachilumikiza bwino ulere. Mkwiyo unatsika ndithu, ngakhale K5,000 ija sanabweze ndipo inenso sindinaiitanitse.

Ndikuigwiritsabe ntchito tsiku lililonse pokonza maphunziro a ana ndi powerenga nkhani, ndipo ndikabwereka kompyuta yopanda extension imeneyi ndimaona msanga kupanikizika kwake. Anzanga aja ndawauza kuti abwere ndi laputopu yawo Lachisanu tikaweruka, ndiwaikire ndekha osalipira, ndipo tiyambe ndi kulemba masamba a mafomu ndi a banki pa mndandanda uja. Ndalama yawoyo akagulire bandulo, ndipo chaja kapena batire ikadzavuta apite kwa mnyamata wa pa Chitakale yemweyo.