Malipiro a product manager: zimene ndaona m'makampani awiri ku South Africa

Nditabwera kumudzi pa Khirisimasi yapitayi, anyamata atatu amene anamaliza sukulu ya ukachenjede anandipeza pa Luchenza ndikudikira minibasi yopita ku Limbe, ndipo anandifunsa ngati n'zoona kuti product manager wa m'kampani ya tekinoloje amalandira ndalama zoposa mnzake wa udindo womwewo m'kampani ina iliyonse. Minibasi inadzadza ndisanawayankhe mokwanira, ndipo zakhala zikundivutitsa mumtima, chifukwa funso lawo linali la anthu amene akufuna kusankha njira ya moyo wawo. Ndagwirapo ntchito imeneyi mbali zonse ziwiri, choncho ndikulemba kuti iwowo ndi makolo awo amve zimene ndaona ndi maso anga.

Product manager ndi munthu amene amatsogolera posankha chinthu chimene kampani ipange, anthu amene adzachigule, mtengo wake, ndiponso chimene chiyambe kukonzedwa pamene zofunika zachuluka koma ndalama ndi nthawi zachepa. Kawirikawiri iye sakhala bwana wa amisiri opanga chinthucho, koma chikapanda malonda amafunsidwa ndi iyeyo. Ambiri amaganiza kuti ntchitoyi inabwera ndi makompyuta, pamene chiyambi chake ndi malonda a sopo: mu 1931 Neil McElroy wa kampani ya Procter & Gamble analembera akuluakulu ake kuti mtundu uliwonse wa katundu ukhale ndi munthu wakewake wouyang'anira.

Ine ndinayambira ku kampani yopanga zakudya ku Johannesburg, kumene ndinkayang'anira tiyi wa m'timatumba. Kwa mwana wa mayi amene anatha zaka akuthyola masamba pa esiteti ina ku Thyolo, ntchito imeneyi inkandikhudza kwambiri. Ndimakumbukira tsiku lina pamene tinakhala anthu asanu masana onse, timabokosi tiwiri tili pa tebulo, tikukambirana ngati tingachepetse kukhuthala kwa pepala la bokosi kuti tipulumutse masenti ochepa chabe. Paketi iliyonse imene tinkagulitsa inkafuna masamba, pepala, ulusi, magetsi a ku fakitale, dizilo wa lole ndiponso phindu la mwini sitolo, moti chotsala chinali chaching'ono, ndipo malipiro athu tonse ankachokera pa kachotsalako. Anali malipiro abwino ndithu, okhala ndi penshoni, inshuwalansi ya kuchipatala ndi cheke cha mwezi wa 13 chimene chinkabwera mu Disembala, koma ankakwera pang'onopang'ono, ndipo kuti munthu akwezedwe pa udindo ankadikira kuti wa pamwamba pake achoke.

Mu 2021 ndinasamukira ku Cape Town kukagwira ntchito pa kampani yaing'ono yopanga pulogalamu ya pafoni yolipirira katundu. Ndinene mosabisa kuti malipiro anali okwera. Kusiyana kwake kunandikwanira kulipirira mlongo wanga fizi ndi malo ogona ku Blantyre popanda kukongola, chinthu chimene poyamba chinkandisowetsa tulo. Choncho anyamata aja sanamve zabodza.

Chifukwa chake ndinachimvetsa pokumbukira dengu la mayi anga. Iwo ankalipidwa malinga ndi makilogalamu amene sikelo yasonyeza, ndipo kuti apeze zambiri ankayenera kuthyola zambiri ndi manja omwewo. Kampani ya tiyi nayonso ili chimodzimodzi, chifukwa paketi ya chiwiri imadya ndalama ngati yoyamba. Pulogalamu ya pafoni ndi yosiyana: ikapangidwa kamodzi, kuwonjezera munthu wina woigwiritsa ntchito kumadya ndalama zochepa kwambiri. Tsiku lina tinachotsa tsamba limodzi pa njira yolembetsera, titaona mayi wina wogulitsa masamba pa msika akulephera kujambula chiphaso chake chifukwa cha kuwala kwa dzuwa, mpaka anaika foni m'thumba n'kupitiriza malonda ake. Kusintha kwa masabata awiri kumeneko kunafika kwa makasitomala onse usiku umodzi, popanda lole kapena nyumba yosungira katundu. Munthu amene chiganizo chake chingathe kubweretsa kapena kutaya ndalama zochuluka chonchi, eni kampani amalolera kumulipira bwino. Palinso mpikisano, popeza makampani a ku London ndi ku Amsterdam amalemba anthu ali konkuno n'kumawalipira mapaundi kapena mayuro, zimene sizichitika kwa munthu amene ntchito yake ili pafupi ndi fakitale.

Koma pali zimene nambala ya pa kalata siinena, ndipo apa ndi pamene ndikupempha kuti mumvetsetse. Kuno malipiro amalembedwa monga cost to company, kutanthauza ndalama zonse zimene kampani imawononga pa iwe, kuphatikizapo penshoni ndi inshuwalansi. Pa zimenezo boma limadula msonkho umene umayambira pa 18 peresenti n'kumakwera mpaka 45 peresenti pa gawo la pamwamba la amene amalandira zambiri, ndiponso kandalama ka thumba la UIF lothandiza anthu ntchito ikatha. Kampani yanga yatsopano inalibe cheke cha mwezi wa 13, ndipo za penshoni ndinkayenera kudzionera ndekha. Lendi ya ku Cape Town inameza gawo lina lalikulu.

Gawo lina la malipirowo linali lonjezo la masheya, kutanthauza magawo a umwini wa kampani. Anandiuza kuti adzakhala anga pang'onopang'ono m'zaka 4, ndipo ndikachoka chaka choyamba chisanathe sindidzapeza kanthu. Kwa amene amagwira ntchito ku Google kapena Microsoft masheya ndi ndalama zenizeni, chifukwa angathe kuwagulitsa pa msika tsiku lililonse, ndipo n'chifukwa chake malipiro a ku America amene mumawaona pa intaneti amaoneka odabwitsa. Kampani yathu siili pa msika wa masheya wa ku Johannesburg, choncho anga ndi pepala lokha mpaka tsiku limene wina adzaigule, ngati tsikulo lidzafike.

Kenako chiwongoladzanja cha mabanki chinakwera pa dziko lonse, ndipo anthu amene ankathira ndalama m'makampani a tekinoloje anayamba kuumira. Mu Novembala 2022 kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook, inachotsa antchito oposa 11,000, ndipo mu Januwale 2023 Google inalengeza zochotsa 12,000 pamene Microsoft inalengeza 10,000. Mphepoyo inatifika nafenso. Mnzanga wina wa ku Zimbabwe, amene tinkakhala desiki imodzi, anaitanidwa ku msonkhano wa pa kompyuta m'mawa, ndipo pofika masana anali akulongedza kapu yake ndi chithunzi cha ana ake m'kachikwama. Lamulo la kuno limati wochotsedwa motero apatsidwe malipiro osachepera a sabata imodzi pa chaka chilichonse chimene wagwira, ndipo kwa munthu wa zaka ziwiri imeneyo si ndalama yoti n'kudalira. Kwa ife obwera nkhawa imakhala iwiri, chifukwa mapepala okhalira m'dziko amayenda limodzi ndi ntchito. Anzanga a ku kampani ya tiyi ija onse anali pa ntchito, popeza anthu sasiya kumwa tiyi chiwongoladzanja chikakwera.

Maganizo anga ndi akuti mabanki ndi makampani a mafoni ali pakati pa mbali ziwirizi. Nawonso amafuna anthu oyang'anira mapulogalamu awo, amalipira mosatalikirana kwambiri ndi makampani a tekinoloje, ndipo penshoni ndi bonasi zawo n'zodziwika. Ntchito yotereyi iliponso kwathu, pakuti Airtel Money ndi Mpamba sizidziyendetsa zokha, ndipo mwana wa ku Thyolo amene amadziwa mmene mlimi wa tiyi kapena wogulitsa nthochi pa Bvumbwe amagwirira ndalama ali ndi nzeru imene makampani amenewa amaisowa.

Ndikudziwa kuti kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri kumudzi anawerengera marandi anga m'makwacha n'kuganiza kuti ndalemera, pamene malata ndi simenti nazonso zinakwera mtengo nthawi yomweyo. Amalume anandifunsa chifukwa chake nyumba ya mayi ikuchedwa pamene ndili ndi masheya. Ndinawafotokozera kuti nyumbayo ndikumanga ndi ndalama imene imalowa m'banki pa mapeto a mwezi basi. Panopa yafika pa mawindo, ndipo malata ndidzatumiza ndalama yake mvula isanayambe.