Maphunziro a Loweruka Oyerekeza Maulamuliro a Mayiko ku Chipata: Kodi Ndi Oyenera Kulipirira?

Mu mzinda wa Chipata muli malo ambiri ophunzitsa kuyendetsa galimoto, kusoka zovala ndi kugwiritsa ntchito kompyuta, koma maphunziro amene ndikuwaunika pano ndi a mtundu wina. Amachitika Loweruka masana m'holo ya tchalitchi china cha ku Kapata, ndipo amawayendetsa ndi abambo ena amene anapuma pantchito ataphunzitsa mbiri yakale kusekondale kwa zaka zambiri. Funso limene amalimbana nalo ndi lakuti mayiko amalowa bwanji mu ulamuliro wankhanza, ndipo amatulukamo bwanji. Pakhomo munthu amalipira ndalama yosaposa mtengo wa mbale ya nsima mu lesitilanti ya kumsika, ndipo palibe mayeso kapena satifiketi. Ndinene poyambirira kuti maphunzirowa ndi oyenera ndalama ndi nthawi ya munthu, ngakhale ali ndi zofooka zimene sindizibisa.

Mphamvu yake yagona pa kaphunzitsidwe. Aphunzitsi amagawa bolodi m'zigawo zinayi, nalembamo Zambia, Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe, ndipo dziko lililonse amalifunsa mafunso amodzimodzi: asilikali amamvera yani, kodi khoti lingakanize mtsogoleri wa dziko chinthu iye n'kumvera, boma limapeza kuti ndalama zake, ndipo wogonja pa masankho zimamuthera bwanji. Njira imeneyi ikuyenerana ndi anthu a chigawo cha Kummawa, chifukwa ambiri mwa ife tili ndi abale kutsidya kwa malire a Mwami kapena a Chanida, ndipo timadziwa kuti anthu a chilankhulo chimodzi, a miyambo imodzi, akhala pansi pa maboma osiyana kotheratu. Mwambi wakuti chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe, aphunzitsi anaunena kamodzi kokha tsiku loyamba, ndipo ntchito yotsala anaisiyira bolodi.

Gawo limene linandigwira mtima kwambiri ndi la mmene ulamuliro wa chipani chimodzi unakhazikikira. Achinyamata ambiri m'holomo ankaganiza kuti nkhanza za boma zimayamba ndi mfuti, koma aphunzitsi anaonetsa kuti kuno kwathu zinayenda ndi malamulo, pang'onopang'ono, anthu akuwomba m'manja. Mu 1969 a Zambia anavomera pa riferendamu kuti Nyumba ya Malamulo izitha kusintha malamulo aakulu a dziko popanda kubwereranso kwa anthu kukawafunsa. Mu 1971 a Simon Kapwepwe anayambitsa chipani cha UPP napambana mpando wa ku Mufulira, ndipo mu Febuluwale 1972 chipanicho chinaletsedwa, iwo n'kutsekeredwa. Komiti imene anaitsogolera a Mainza Chona chaka chomwecho sinatumidwe kukafunsa anthu ngati akufuna chipani chimodzi, koma kukafunsa mmene ulamuliro wotero ungayendetsedwere, ndipo pofika Disembala 1972 nkhani inali itatha. Ku Malawi zinathamanga kuposa apa: nduna monga a Kanyama Chiume, a Orton Chirwa ndi a Masauko Chipembere zinasemphana ndi a Kamuzu Banda mu 1964, dziko litangolandira ufulu, chipani chimodzi chinakhazikitsidwa mu 1966, ndipo mu 1971 a Banda anakhala pulezidenti wamuyaya.

Apa m'pamene ndinaona ubwino wophunzira nkhani zoterezi pamodzi ndi anthu amene anaziona ndi maso. Amayi ena achikulire, amene amakhala pabenchi yakutsogolo atanyamula kope la ana asukulu, anakweza dzanja nati, “Aphunzitsi, ndiloleni ndiwauze anawa mmene tinkavotera.” Anafotokoza kuti papepala panalibe mayina awiri, koma chithunzi cha chiwombankhanga kwa wovomera a Kaunda ndi cha chule kwa wowakana, ndipo anafunsa anyamata amene anali kumbuyo kuti ndani mwa iwo akanakonda kudziwika kumudzi kuti anasankha chule. Abambo ena anakumbukira khamu la a Mboni za Yehova amene anathawa ku Malawi mu 1972 chifukwa chokana kugula makhadi a chipani, nadzakhala pa msasa wa Sinda Misale m'chigawo chathu chino. Aphunzitsi anawonjezera kuti a Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera anagwidwa kumalire konkuno mu Disembala 1981, ndipo a Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Sanabise kusiyana kwa maboma awiriwa: onse anali a chipani chimodzi, onse ankatsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, koma mantha a ku Malawi anali akuya kwambiri, pamene kuno mabungwe a anthu apantchito ndi mipingo sizinathyoledwe msana. Kusiyana kumeneku ndiko kunadzagwira ntchito pambuyo pake.

Potuluka mu ulamuliro umenewu, bolodi lija linaonetsa njira zosiyana. Ku Zambia mtengo wa mkuwa utagwa m'zaka za m'ma 1970, boma linayamba kudalira ngongole, ndipo kukwera kwa mtengo wa unga kunabutsa zipolowe kumigodi mu Disembala 1986 ndi ku Lusaka mu Juni 1990. Pa 30 Juni 1990 msilikali Mwamba Luchembe analengeza pawailesi kuti boma lagwa, ndipo ngakhale zimenezi zinatha m'maola ochepa, chisangalalo cha anthu m'misewu chinauza a Kaunda zoona zake. Gulu la MMD, lofuna zipani zambiri, linabadwa mu Julayi, lamulo loletsa zipani zina linachotsedwa mu Disembala, ndipo pa 31 Okutobala 1991 a Frederick Chiluba anapeza mavoti pafupifupi atatu mwa anayi alionse, chipani chawo n'kutenga mipando 125 mwa 150. Ku Malawi amene anang'amba chete ndi mabishopu a Katolika ndi kalata yawo ya pa 8 Malichi 1992, kenako a Chakufwa Chihana anamangidwa pabwalo la ndege mu Epulo, mayiko opereka thandizo anaimitsa ndalama zambiri, ndipo pa 14 Juni 1993 nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, inagonjetsa tambala wakuda wa chipani chimodzi pa riferendamu. Mu Disembala 1993 asilikali analanda zida za a Young Pioneers, gulu la achinyamata la chipani cha a Banda, ndipo mu Meyi 1994 a Banda anavomera kuti agonja kwa a Bakili Muluzi.

Funso limene aphunzitsi anatisiyira kuti tikambirane m'magulu linali lakuti chifukwa chiyani ku Mozambique ndi ku Zimbabwe, kumene masankho a zipani zambiri amachitikanso, chipani cholamula sichinachokepo pampando. Frelimo yakhala ikulamula kuyambira 1975, ngakhale pangano la mtendere la ku Rome la mu 1992 linatsegula njira ya masankho a 1994. Ku Zimbabwe a Morgan Tsvangirai anatsogola pa gawo loyamba la masankho a 2008, koma anasiya mpikisano wachiwiri chifukwa cha kumenyedwa ndi kuphedwa kwa owatsatira, ndipo amene anadzachotsa a Robert Mugabe mu Novembala 2017 anali asilikali, osati ovota. Yankho la aphunzitsi ndi lakuti kumene chipani chinabadwira kunkhondo yomenyera ufulu, chipani ndi asilikali zimakhala thupi limodzi, moti kugonja pa masankho kumaopseza akuluakulu a nkhondo omwe. Yankholi ndikugwirizana nalo, ndipo limamveka bwino ukaliika pambali pa Malawi, kumene asilikali anaima ndi malamulo mu Epulo 2012 kuti a Joyce Banda alowe m'malo mwa malemu a Bingu wa Mutharika. Komabe silifotokoza za Tanzania, kumene chipani cha CCM sichinachoke kunkhondo yotero koma chikulamulabe, ndipo ndikanakonda aphunzitsi akanavomereza malire a mfundo yawoyi.

Chimene ndikuwalemekezera koposa ndi kusakondera kwawo pa zaka za pambuyo pa 1991, chifukwa m'holomo mumakhala otsatira zipani zosiyanasiyana, ndipo aliyense amafuna kumva zolakwa za anzake okha. Iwo anayala poyera kuti boma la MMD, limene linabwera ndi demokalase, ndilo linasintha malamulo mu 1996 kuti munthu amene makolo ake sanabadwire m'Zambia asaime, zimene zinatsekereza a Kaunda, ndiponso kuti a Chiluba anafuna kulamula kachitatu mu 2001 mpaka mipingo, maloya ndi mabungwe a amayi anawaletsa kudzera mu Oasis Forum. Anatchula kutsekedwa kwa nyuzipepala ya The Post mu 2016, mlandu woukira boma wa a Hakainde Hichilema mu 2017, ndi kulephera kwa Bill 10, bilu yofuna kusintha malamulo aakulu a dziko, kupeza mavoti okwanira mu Okutobala 2020. Anakumbutsanso kuti lamulo la atsamunda la mu 1955 loyang'anira misonkhano ya anthu linadandaulidwa ndi otsutsa a nthawi zonse, koma omwewo atalowa m'boma ankalipeza lothandiza. Mnyamata wina atafunsa kuti, “Nanga boma labwino ndi liti, aphunzitsi?” iwo anamubwezera ku mafunso a pabolodi kuti ayese nawo boma lililonse, kuphatikizapo limene iye amalikonda. Kuyerekeza kwa a Muluzi, amene aphungu anawakaniza kuchotsa malire a zaka zolamula mu 2002, ndi a Yoweri Museveni a ku Uganda, amene anachotsa malire otero mu 2005 ndi a zaka zakubadwa mu 2017, kunaonetsa kuti chilakolako chokhalitsa pampando chimafanana, ndipo chosiyana ndi mphamvu ya amene angakane. Chigamulo cha khoti la ku Malawi cha pa 3 Febuluwale 2020, chimene chinafafaniza masankho a pulezidenti a 2019, anachifotokoza mwa njira yomweyo.

Zofooka zilipo, ndipo china n'chachikulu. Mayiko akutali monga Chile, South Korea ndi Hungary amangowadutsa mothamanga, moti wosawadziwa amatuluka ndi mayina okha. Mapepala amene amagawa ndi a m'Chingerezi ngakhale kuphunzitsa kumachitika m'chilankhulo chathu, ndipo ndinaona achikulire ena akuwapinda n'kuwaika m'thumba osawawerenga. Denga la holo ndi lamalata opanda siling'i, choncho mvula ikayamba okhala kumbuyo samva kanthu. Zonsezi n'zotheka kukonza.

Chachikulu n'chakuti nkhani ya chigawo chathu chomwe sanaipatse nthawi. Mu 1991, dziko lonse likutembenukira ku MMD, chigawo cha Kummawa chinapereka mipando yake yonse 19 kwa UNIP, chipani cha a Kaunda, ndipo aphunzitsi anangoti kunali kukhulupirika kwa anthu a kuno, n'kupitirira. Kufotokoza kotere sikukwanira. Mlimi wa ku Chadiza kapena ku Lundazi amene ankadalira boma pa feteleza ndi pa msika wa chimanga chake anali ndi zifukwa zoopera kusintha zimene wogwira ntchito kumigodi analibe, ndipo maphunziro oyerekeza maulamuliro ayenera kulemekeza voti imeneyo poifufuza mozama. Momwemonso pabolodi palibe malo a mafumu, chikhalirecho munthu wa kumudzi amakumana ndi ulamuliro poyamba kudzera kwa anyakwawa amene amagawa minda ndi kuweruza milandu. Chaka ndi chaka mu Ogasiti mafumu a Achewa a m'mayiko atatu amasonkhana ku Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo palibe malo ena abwino oyambira kufunsa mmene maboma a Zambia, Malawi ndi Mozambique anagwiritsira ntchito mafumu, kuwanyengerera kapena kuwakankhira kunja.

Amene ndingawalimbikitse kupitako ndi aphunzitsi a maphunziro a unzika, ogwira ntchito m'mawailesi a m'madera, atsogoleri a mipingo ndi achinyamata amene adzavota koyamba. Munthu afike msanga kuti apeze malo kutsogolo, atenge kope ndi cholembera chifukwa zambiri zimathera pabolodi, ndipo ngati kunyumba kuli agogo amene anavota m'nthawi ya chipani chimodzi, awatenge. Kwa aphunzitsi pempho langa ndi lakuti mapepala awalembe m'Chichewa, ndipo awonjezere Loweruka lathunthu la mafumu ndi voti ya Kummawa ya 1991.