Kufomata kapena VolumeID posintha nambala ya drive

Okonza makompyuta pa boma la Ntcheu amalidziwa vutoli: kasitomala wagula hard drive yatsopano, pulogalamu ya maakaunti ikukana kutseguka chifukwa laisensi yake inamangidwa pa volume serial number (nambala yomwe Windows imapatsa drive poifomata) ya drive yakale. Nambalayi imaoneka mukalemba vol C: mu Command Prompt.

Kufomata kumabweretsa nambala ina, koma simusankha nokha, ndipo mafayilo onse amapita. Pa vuto ili sikuthandiza konse.

VolumeID, kapulogalamu ka Sysinternals (gawo la Microsoft), imasintha nambala yokhayo, mafayilo osakhudzidwa. Koperani kaye nambala ya drive yakale papepala. Tsegulani Command Prompt ngati administrator, mulembe volumeid C: 1A2B-3C4D, koma m'malo mwa 1A2B-3C4D muike nambala mwakoperayo, zilembo 8 za hex (0 mpaka 9 ndi A mpaka F). Pa drive ya NTFS (kasungidwe ka mafayilo ka Windows) muyenera kuzimitsa ndi kuyatsanso kompyuta kuti nambala yatsopano ioneke.

Serial number ya kufakitale, yomatidwa pa drive, siisintha m'njira zonse ziwiri.