Kiliniki ya fiziyo yomwe inakana kulemba kalata yoti mwana wanga ali fiti

Nyenyezi 4 pa 5. Ndi kiliniki ya pulayiveti mu Blantyre muno, yaing'ono ndithu, tizipinda towonera odwala ndi kajimu kumbuyo komwe kuli njinga yopalasa pamalo amodzi, mipira ikuluikulu ija ndi malamba okoka. Dzina sinditchula chifukwa nkhaniyi ikukhudzanso timu ya mwana wanga ndipo sindikufuna anthu ayambe kulozana zala, koma ndikulemba kuti makolo anzanga amene ana awo amasewera mpira adziwe zoyenera kuyang'ana akamasankha kopita.

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 19, amasewera netibolo ngati senta. Anadumpha kuwakha mpira, potera phazi linagwira pansi thupi nkutembenuka, akuti anamva bondo likuti thu! Pofika madzulo linali litatupa moti buluku silimakwera. Ku timu anamuthira kaspuleyi kozizira kaja, kumumanga bandeji, kumupatsa bufeni basi, eti wangobinya. Kutupa kutaphwerako anayambanso kuthamanga koma akati akhote bondo limagwedera, amachita kukhala pansi. Ndiye ma gemu akuluakulu anali pafupi, akochi anatiuza kuti tipite kwa fiziyo, wachipatala wothandiza ovulala minofu ndi mafupa ndi ma ekisesaizi, akalembe kalata yoti ali bwino, kenako pali munthu wina amene amabaya atsikana jakisoni wopha ululu gemu isanayambe, zikatero asewera bwinobwino.

Chomwe chinandigwira mtima choyamba ndi mmene anamupimira. Fiziyo wake ndi mayi wachitsikana ndithu, wophunzira ku College of Medicine yomwe pano ndi KUHeS. Sanathamangire makina ayi. Anamugoneka chagada, kupinda bondo pang'ono, dzanja limodzi kugwira ntchafu lina kugwira msongolo nkukokera kutsogolo. Anayamba mwendo wabwino, fupa linangosuntha pang'ono nkuima nji. Atapanga mwendo wovulalawo ine ndemwe ndinaona ndi maso msongolo ukutsetsereka kubwera kutsogolo osaima. Anandiitana kuti mayi bwerani muone, nkubwerezanso pang'onopang'ono. Kenako anatenga bondo la pulasitiki pa shelefu nkutionetsa kamtsempha kamkati komwe amati ACL, komwe kamagwira mafupa awiriwo kuti asatsetserekane, anati zizindikiro zonse, phokoso lija, kutupa tsiku lomwelo, kugwedera pokhota, zikuloza kuti kaduka, koma kuti titsimikize komanso tione ngati chichereŵechereŵe chamkati sichinang'ambike pakufunika sikani ya MRI ndi dokotala wa mafupa. Zonse amafotokoza mu Chichewa chomveka, osati zija zongokulembera pepala nkukuuza kuti pitani mukalipire.

Nditatchula za kalata ija anayankha mwaulemu koma mosazungulira. Anati mayi, ine wodwala wanga ndi mtsikanayu, si timu, sindingalembe kuti ali fiti pomwe bondo ndaliona ndekha. Za jakisoni anati ululu ndi umene ukumuletsa kukhota mwamphamvu, mukauchotsa mtsempha sulumikizika, adzangothamanga pa bondo lopanda chogwira mpaka kung'amba zina zomwe panopa zili bwino, ndipo bondo lotero limayamba nyamakazi munthu akadali wamng'ono. Anatiuzanso zomwe ine sindinamvepo ku timu kuja, zoti bungwe loona za mankhwala oletsedwa pa masewero la WADA linaletsa mankhwala opha ululu a tramadol pa mpikisano kuyambira Januwale 2024, ndipo majakisoni a cortisone analetsedwa pa mpikisano kuyambira 2022 pokhapokha pali chilolezo chapadera cha achipatala. Ndiye mtsikana amene akulakalaka kudzavala yunifomu ya Queens akhoza kupimidwa nkupezeka ndi mlandu pa mankhwala omwe sanafunse nkomwe dzina lake, wobayayo ali phee kwawo, chifukwa malamulo ake amati zopezeka mthupi mwako ndi zako.

Kenako anandipempha kuti ndidikire panja pang'ono acheze ndi mwanayo payekha. Kunena zoona zinandiwawa, ndine ndabereka komanso ndine ndikulipira. Koma tikubwerera mu minibasi mwana anandiuza yekha zomwe amabisa, kuti bondoli linayamba kuvuta kalekale asanagwe, ndipo iye ndi anzake amamwa diclofenac kapena indosidi gemu iliyonse isanayambe, nthawi zina awiri awiri, mmimba mulibe kanthu, dzuwa la Okutobala lili ng'aa. Fiziyo anamuuza kuti mankhwala amenewa ukamamwa chonchi thupi lili louma ndi thukuta amapweteka impso komanso amayambitsa zilonda zammimba. Ine ndikanakhala mchipindamo sakanaulula, ndikudziwa mwana wanga. Ndipo fiziyo anamufunsa kaye ngati akulola kuti akochi auzidwe, ndi zingati zoti auzidwe. Akochi atayimba foni tsiku lotsatira anangouzidwa kuti sasewera sizoni ino ndipo akufunika kuonana ndi dokotala wa mafupa, za mapilisi zija sanaulule, anamusiyira mwini wake.

Apa mpamene ndikufuna tikambirane ngati makolo, chifukwa akochi aja sindikuwatenga ngati munthu woipa. Amagula madzi ndi ndalama zamthumba mwawo, amaperekeza atsikana pa depoti usiku. Vuto ndi mmene zinthu zilili. Atsikana ambiri mmatimu athu alibe kontilakiti yolembedwa, alibe inshulansi ya chipatala, ndalama yomwe amaiona ndi kabonasi ka gemu ndi thiransipoti, ukapanda kulowa mu bwalo palibe chako. Wina kabonasi komweko ndi ka sopo ndi ndiwo kunyumba, wina ndi fizi. Ndiye ukamufunsa kuti bondo likupweteka? ayankha kuti ayi ndili bho, ndipo tonse timamuyamikira kuti ndi wolimba mtima, amene wanena zoona timati ndi waulesi kapena wayamba matama. Amene amathamanga ndi chikwama cha mankhwala pa benchi naye amalembedwa ndi timu yomweyo, akanena kuti uyu asalowe mawa ntchito yatha. Munthu amene akuyenera kuteteza wosewera akudya mmanja mwa amene akufuna chikho, nanga zitheka bwanji?

Ndipo si kuno kokha. Amene mumatsata Chelsea mukukumbuka Ogasiti 2015 pa gemu ndi Swansea, dokotala wa timu Eva Carneiro analowa mu bwalo kukaona Eden Hazard atagwa, lefu ndi amene anawakodola, koma kochi Jose Mourinho anakalipa poyera chifukwa timu inatsala ndi anthu ochepa kwa kanthawi, ndipo mayiyo anachotsedwa pa benchi mpaka anasiya ntchito, nkhani inakafika ku khothi la zantchito nkutha mu 2016 atagwirizana. Ngati dokotala wa timu ya ndalama ngati imeneyo anaona zotere chifukwa chogwira ntchito yake, kuli bwanji mnyamata wa fesiteyidi wa timu ya ku Ndirande kapena ku Bangwe amene amalandira ya thiransipoti yokha. Mu fainolo ya World Cup ya 2014 Christoph Kramer wa Germany anagundidwa mmutu nkupitiriza kusewera mpaka anafunsa lefu ngati imeneyi ndi fainolo, madokotala ali pompo. Nchifukwa chake kwa ine phindu lalikulu la kiliniki iyi si njinga yopalasa ija, ndi loti fiziyoyu salandira malipiro kwa akochi ndipo akhoza kukana.

Mwana analira atamva kuti kubwerera mu bwalo pambuyo pa opaleshoni ya ACL kumatenga miyezi 9 kapena kuposa, ndipo obwerera msanga ndi amene amadulanso kawirikawiri. Fiziyo anamukumbutsa za Mwai Kumwenda, amene anaduka mtsempha womwewu mu 2018 akusewera ku Melbourne Vixens, World Cup ya 2019 ku Liverpool sanapite, koma mu 2020 Vixens inatenga ligi ya ku Australia iye nkusankhidwa wosewera bwino pa fainolo. Ananenanso mosabisa kuti Mwai anali ndi madokotala ndi mafiziyo a kalabu tsiku ndi tsiku, ife tiyenda ndi zomwe tili nazo, koma ndondomeko yake ndi yomweyo, kuleza mtima ndi kulimbitsa ntchafu. Anatiuzanso kuti atsikana amaduka ACL kwambiri kuposa anyamata pa masewero odumpha ndi kukhota, ndipo pali ma ekisesaizi a mphindi 20 otenthetsera thupi, ngati aja a FIFA 11+ a mpira wamiyendo, omwe amachepetsa kuvulala ndipo safuna chida chodula chilichonse. Anadzipereka kuti akhoza kukaphunzitsa timu yonse kateredwe koyenera Loweruka lina, akochi akavomera.

Ma sesheni enieniwo ndi abwino. Amakhala nawe nthawi yonse, sakusiya pa makina nkumakacheza pa foni. Amayeza ntchafu ndi tepi nkulemba mu fayilo, amaonetsa mwana kuti mwendo wovulala wawonda bwanji poyerekeza ndi unzake, ndipo ma ekisesaizi akunyumba amamujambula pa foni yake yomwe kuti asaiwale, ena ongogwiritsa ntchito mpando, khoma ndi botolo la malita 2 lodzaza mchenga. Tauli ndi zofunda pa bedi amasintha wodwala aliyense, ndinaona ndekha.

Tsopano zomwe zachotsa nyenyezi imodzi. Choyamba ndi pa risepushoni. Chinsinsi chonse chomwe fiziyo amasunga mkati chimathera pakhomo, chifukwa mtsikana wa pa desiki amafuula kuti a bondo la ACL aja lowani, anthu ali thoo pa benchi, ndipo tsiku lina panali wosewera wa timu ina amene amamudziwa mwana wanga. Mu netibolo ya mu Blantyre aliyense amadziwana, nkhani yoti uje bondo latha imafika kwa makochi onse dzuwa lisanalowe. Ndinadandaula ndipo anapepesa, koma ulendo wotsatira anaitananso bambo wina ndi matenda ake a msana. Amuphunzitse kuitana dzina basi.

Chachiwiri ndi nthawi, ukapatsidwa 2 koloko umalowa cha mma 3 chifukwa fiziyo ndi mmodzi yekha masana.

Chachitatu ndi mtengo, ndipo ichi ndiye chikundisowetsa tulo. Sesheni iliyonse ndi kashi kapena medikolo sikimu, palibe mtengo wa ana asukulu kapena wa osewera, ndipo sikani ndi dokotala wa mafupa ndi kwina, ndalama zinanso. Ife takwanitsa chifukwa ndili pa ntchito ndipo achimwene anga a ku Johannesburg anathandizapo. Mnzake wa mwana wanga amene amasewera kumbuyo, bondo lake likuchita zomwezi, mayi ake amagulitsa tomato, iye akubayitsabe jakisoni uja ndipo Loweruka lapitali anasewera makota onse anayi. Ndinawafunsa a kiliniki ngati sangaike tsiku limodzi pa mwezi loti osewera a matimu ang'onoang'ono azipimidwa pa mtengo wotsika, ngakhale kungopimidwa kokha nkuuzidwa zoona, anati akambirana ndi eni ake. Ndawauza kuti ndikabwera sabata ya mawa ndibwera naye mtsikanayo, ya kupimidwa koyamba ndilipira ine.